Tatopa ndi kusaina, tiloleni tikaonerere kalasi ya mnzathu

Mphunzitsi aliyense kuno ku Zomba akangomva kuti kwabwera kalata ya wekishopu, funso loyamba silikhala loti tikaphunzirako chani ayi, limakhala loti kuli kangachepe kodi, ndipo lachiwiri ndi loti a hedi atumiza ndani. Musandiyang'ane ndi diso limenelo aphunzitsi anzanga, inenso ndafunsapo mafunso omwewa kambirimbiri ndipo sindichita nazo manyazi chifukwa salale yathu tonse tikuidziwa, pofika pa 10 imakhala yapita kale kwa a katapila ndi kwa eni nyumba. Ndagwira choko zaka zambiri ndithu, ndinayambira kuseri kwa phiri mbali ya ku Chingale uko kenako ndinabwera kumunsi kuno, ma wekishopu amene ndakhalapo sindingawerenge ndipo masatifiketi ena anadyedwa ndi chiswe mu katoni. Koma mutandifunsa lero kuti ndi wekishopu iti imene inasintha mmene ndimaimira pamaso pa ana, ndiyamba ndakanda kaye m'mutu.

Mmene zimayendera mukudziwa kale. Mumafika 8 koloko, mumasaina, afasiliteta amafika cha m'ma 10 ati galimoto inali pa mzere wa mafuta, nde pemphero, kenako kutchulana mayina ngati kuti sitidziwana, kenako malamulo aja oti mafoni akhale pa sailenti ndi kusankha wosunga nthawi, tikamamaliza zimenezo banzi ndi Fanta zafika. Masana ndi ntchito ya m'magulu, zipepala zikuluzikulu kumata pakhoma, gulu lililonse kudzawerenga zomwezo zimene gulu lina lawerenga kale, kuombera m'manja, pomaliza mzere wa envelopu. Tsiku lonse m'chipindamo mulibe mwana ngakhale mmodzi. Azibambo a ndevu zawo ndi azimayi oti ali ndi zidzukulu kumayerekeza kuti ndife ana a Sitandade 1, kumakweza mkono mwaulemu, kumayankha molondola funso lililonse, eti tikuyeserera phunziro. Mwana weniweni satero. Mwana weniweni wabwera osadya, akutsinana ndi mnzake, pensulo alibe, wina wabwera ndi mng'ono wake kumsana, ndipo alipo oposa 100 pansi pa simenti yokumbika.

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi dongosolo lija loti ochepa akaphunzire kenako adzaphunzitse anzawo. Tinene kuti akatswiri aphunzitsa akuluakulu sabata ziwiri, iwowo aphunzitsa a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale aja, sabata imodzi, a PEA aphunzitsa mphunzitsi mmodzi wa pasukulu masiku awiri, iyeyo akabwera amatifotokozera ife pansi pa mtengo wa mango nthawi ya buleki, ndipo theka la nthawiyo limathera pa nkhani yoti ndiwo zinali nkhuku kapena nyemba. Zili ngati kutunga madzi ndi manja pa Mulunguzi n'kumapatsirana munthu ndi munthu mpaka ku Jali, wa ku Jali adzangolandira manja onyowa basi. Ndiye pakapita miyezi kumabwera anthu ndi fomu kudzafunsa kuti bwanji simukugwiritsa ntchito njira yatsopano ija.

Pano kwatchuka mawu akuti masukulu azigwirizana, azikhala pa gulu limodzi lotukula maphunziro, aphunzitsi aziphunzira kwa anzawo, ndipo ena amazikamba ngati ndi chinthu chachilendo choti chibwere pa ndege ndi bungwe la kunja. Ife chinthu chimenechi tili nacho kalekale, dzina lake ndi zoni. Akuluakulu akukumbuka 1994 pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, aphunzitsi panalibe, boma linalemba anthu zikwizikwi osaphunzira ntchitoyi n'kuwaponya m'makalasi. Ndi pamene panabwera MIITEP, pulogalamu yophunzitsa anthu amenewa ntchito ya uphunzitsi, munthu amakhala ku koleji miyezi yochepa chabe, nthawi yotsalayo amaphunzirira pasukulu pomwepo akuphunzitsa. Ndipo m'zaka zomwezo, ndi thandizo la boma la Britain, masukulu anagawidwa m'mazoni 315, zoni iliyonse ndi PEA wake ndi TDC yake, malo oti aphunzitsi azikumanako n'kumaphunzira, cholinga chake chinali chomwechi choti mphunzitsi asamayende ulendo wautali kukafuna nzeru, azizipeza pafupi kwa anzake. Ku sekondale nakonso kuli makilasita. Ndiye nyumba yake inamangidwa kale, vuto ndi loti TDC ambiri lero tinawasandutsa malo okasiyako malipoti, kukatenga makalata ndi kukakumana pa nkhani ya mayeso a moko a Sitandade 8. Mayeso a moko amenewo ndiye timagwirizana bwino zedi, kusonkha ndalama, kulemba mafunso limodzi, kuchonga limodzi, zomwe zikusonyeza kuti kugwirizana timatha, koma timagwirizana pa kuyesa ana, pa kuwaphunzitsa aliyense zake zimuone.

Ndipo ife a ku Zomba ndiye tilibe pothawira. Malawi Institute of Education ili pa Domasi pompa, silabasi ndi mabuku amene mwana wa ku Chitipa akuwerenga zimachokera pamenepa. Domasi College of Education ili pomwepo. University of Malawi, imene tonse timangoti Chanco, ili mtauni muno ndi aphunzitsi ake a zamaphunziro, MANEB ilinso mtauni momwemuno. SMASSE, pulogalamu ija ya masamu ndi sayansi ku sekondale yothandizidwa ndi a Japan kudzera ku JICA, inayambira kuno komwe mu 2004 isanafalikire dziko lonse. Nzeru zonsezi zili pa msewu umodzi wa M3 koma mphunzitsi wa ku Mayaka kapena wa pa chilumba cha Chisi akhoza kupuma pantchito osaonapo munthu wa malo amenewa atakhala kumbuyo kwa kalasi yake kuonerera.

Ine maso anga anatseguka mwangozi. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 denga la kachipinda kathu kosungiramo mabuku linasasuka, buku la mphunzitsi la masamu a Sitandade 3 linasanduka phala, ndiye ndinapalasa njinga kupita kusukulu yoyandikana nayo ya m'zoni mwathu momwemo kuti ndikabwereke. Ndinapeza madamu amene ndimawafuna ali m'kalasi, anangondikodola kuti lowani mudikire kumbuyoko, ndinakhala pa njerwa.

Amaphunzitsa kuchotsera kobwereka, samu yake 52 kuchotsa 27. Aliyense amene waphunzitsapo kalasi imeneyi akudziwa kuti apa ndi pamene ana ambiri amagwera, ndipo ine kwa zaka zonse ndimaphunzitsa ngati nyimbo, 2 kuchotsa 7 sizitheka, tibwereka, ana kumaimba mokweza bwinobwino ine kumasangalala kuti amva, pochonga kumapeza zachilendo. Madamu aja analemba samuyo pabolodi, osalankhula zambiri, anati aliyense ayese. Ena amalemba m'makope, ena pansi ndi tizidutswa ta choko. Iwo anayamba kuyenda pakati pa anawo, kulumpha miyendo, kuwerama, osachonga kanthu, kungoona. Ambiri analemba 35, mukudziwa chifukwa chake, mwana akaona 2 pamwamba 7 pansi amangotembenuza n'kuti 7 kuchotsa 2. Ine ndikanakhala ine ndikanakuwa kale kuti mwalakwa nonse, tamverani kuno. Iwo ayi. Anaitana kamnyamata kamodzi mwa aja analemba 35, anatulutsa m'thumba la shuga timitengo tomanga khumikhumi ndi mphira wa chubu cha njinga, anakapatsa mitolo isanu ndi timitengo tiwiri tapadera, n'kunena kuti iwe ndiwe wogulitsa, ine ndabwera kudzagula 27, tandipatsa. Kamnyamata kanapereka mitolo iwiri msangamsanga, kenako kanaima. Kanayang'ana timitengo tiwiri tija, kanayang'ana madamu, kalasi yonse zii. Ine kumbuyo kuja mtima unali m'mwamba kufuna kukauza, madamu angopinda manja kudikira, ndipo anadikiradi nthawi yoti ine sindikanapirira. Kenako kamtsikana kena pakati paja kanangoti "masula!" ndipo kamnyamata kanamasula mtolo umodzi, kanawerenga 7 n'kupereka, zotsala m'manja mitolo iwiri ndi timitengo tisanu. Madamu anangofunsa kuti ndiye 35 uja wapita kuti, ana okha anayamba kufufuta.

Mawu oti kubwereka sanawatchule mpaka kumapeto, ndipo atawatchula anati sitikubwereka kwa munthu, tikungomasula mtolo wathu womwe. Titatuluka ndinawafunsa kuti madamu, zimenezi munaziphunzira ku wekishopu iti, anaseka, "Achimwene, wekishopu yake iti? Ndinaonera mayi ena amene ndinawapeza pasukulu yanga yoyamba, a MIITEP aja timawaderera aja." Taganizani, madamu a timitengowa ndakhala nawo benchi imodzi ku TDC kangapo, tamata limodzi zipepala pakhoma, tafola limodzi pa mzere wa envelopu, osadziwa kuti yankho la vuto limene landisowetsa mtendere zaka zonsezi lili m'thumba lawo la shuga, mtunda wosakwana ola limodzi pa njinga. Za TALULAR, zogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pophunzitsa, tonse tinaziloweza ku koleji ndipo timitengo ngakhale ine ndinali nato, koma chimene ndinaona tsiku limenelo si timitengo ayi, ndi kudikira kuja, ndi kusankha dala mwana wolakwitsa osamuchititsa manyazi, zinthu zoti sungazilembe pa chipepala cha pakhoma.

Nde mfundo yanga ndi yomweyi, ngati tikufunadi kuti CPD, kupitiriza kuphunzira kwa mphunzitsi ali pantchito, ikhale ndi tanthauzo, ndalama ndi nthawi zichoke ku holo zipite ku kalasi. Aphunzitsi a Sitandade 3 a masukulu anayi kapena asanu oyandikana asankhe chinthu chimodzi chokha chimene chikuvuta ana awo, osati mitu 12 pa tsiku limodzi, akonze phunziro limodzi pamodzi, mmodzi aliphunzitse kwa ana enieni anzake akuonerera, kenako akhale pansi ndi makope a ana aone kuti ana anamva chani, mwezi wotsatira apite kusukulu ina akayesenso atakonza. Ku Japan aphunzitsi akhala akuchita zoterezi kwa zaka zambirimbiri, ndipo sizifuna loji, sizifuna jenereta, sizifuna projekita.

Ndikudziwa ena ayamba kale kundinena kuti ameneyu akufuna kutitsekera kamwa, alawansi ija ndi imene imatiombola. Zoona, ndipo sindinyoza munthu wothamangira alawansi, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinaona mmene thumba la chimanga ndi feteleza zinathawira. Koma tiyeni tinene chilungamo, alawansi imeneyi imafika kwa angati? Pasukulu iliyonse alipo awiri atatu amene mayina awo sachoka pa kalata, kaya wekishopu ndi ya kuwerenga, kaya ndi ya zaukhondo, kaya ndi ya masewera, ndi omwewo, ena tonse timangomva fungo. Zimenezi zadanitsa anthu m'masitafu ambiri kuposa nkhani ina iliyonse, ndipo wotsalayo akauzidwa kuti bwera udzamve zimene anzako akaphunzira amati adya okha akaphunzitse okha, ndipo sungamutsutse. Nkhani ya malipiro ndi yoona ndipo a TUM, bungwe lathu la aphunzitsi, aziimenyera poyera ngati nkhani ya malipiro, tisaibise mkati mwa CPD chifukwa pamenepo timaluza zonse ziwiri, ndalama yake ndi yochepa, maphunziro akenso palibe. Chimene ndingapemphe ine ndi ya kabaza yopita ndi kubwera ndi kachakudya kamasana, yofanana kwa aliyense, ndipo ikhoza kulowa mu pulani ya sukulu ija timalemba ndi a komiti pofuna ndalama za SIG, zija boma limapereka zotukulira sukulu, m'malo moti zonse zithere ku laimu wopaka pakhoma.

Vuto lina lalikulu ndi mantha, ndipo ili ndiye lenileni. Ife tinaleredwa kuti munthu akalowa m'kalasi mwako ndi kope m'manja ndiye kuti wabwera kudzakupeza zifukwa, masikimu ali kuti, lesoni pulani ili kuti, bwanji deti sunalembe pabolodi. Ndiye tinaphunzira kuchita sewero, tikamva njinga yamoto ikulira kumsewu timatulutsa phunziro lija timalidziwa bwino, ana ochenjera kutsogolo, matchati amene amagona mu kabati kupachika msangamsanga. Mlendo akapita zonse kubwerera mwakale. Chonsecho dzina la PEA likunena za kulangiza, osati kugwira akuba, ndipo ndawaonapo a PEA ena abwino kwambiri amene amakhala nawe pansi ngati mnzako, kungoti munthu mmodzi masukulu khumi ndi kuposa, mafuta a njinga palibe, mafomu ofuna kutumiza ali mulu, adzakhala liti m'kalasi mwako ola lathunthu? N'chifukwa chake ndikuti kuonererana kwa aphunzitsi okhaokha kusiyane kotheratu ndi kuyendera kwa mabwana. Pasakhale magiredi, pasakhale lipoti lopita ku ofesi lokhala ndi dzina la munthu. Tsiku limene zimenezi zidzalowe mu faelo ya munthu, tonse tidzabwerera ku sewero lathu lija.

Palinso amene amati aphunzitsi okhaokha akhoza kumangopatsirana zolakwika, ndipo apa ndikuvomera pang'ono. Ndinamvapo mnzanga akuphunzitsa katchulidwe ka liwu la Chingerezi molakwika ndi mtima wonse, ndipo tonse amene tinalipo sitikanamukonza poti nafenso timatchula chimodzimodzi. Pamenepa ndi pamene akatswiri aja a pa Domasi ndi a ku Chanco akufunika, koma abwere kwathu kuno, akhale pa njerwa ngati mmene ndinakhalira ine, aone phunziro limene analemba mu buku likuphunzitsidwa kwa ana oposa 100 opanda madesiki, mvula ikulira pa malata moti mawu sakumveka. Iwonso akaphunzirapo kanthu, mwina buku lotsatira lidzalembedwa mosiyana. Ndipo sindikuti wekishopu ithe yonse, silabasi ikasintha pamafunikadi kuitana anthu n'kuwauza zatsopano. National Reading Programme itayamba mu 2016 tinaphunzira zinthu zothandiza ndithu za maliwu a malembo ndi maphatikizo, ija ya ndichita, tichitire limodzi, uchite wekha, koma onani bwino, kumene zinagwira ndi kumene aphunzitsi anapitiriza kukumana pasukulu ndi kuthandizana wekishopu itatha, kumene anangolandira buku n'kubalalika zinazilala.

Tisaiwalenso kuti za mapulojekiti zili ndi tsiku lotha. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo la USAID, ntchito zambiri zinaima ngati wazimitsa wailesi. Chinthu chimene chimayenda pokhapokha galimoto yoyera ikabwera si chathu, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo wathu ndi mphunzitsi wa sukulu ya tsidya la mtsinje uyo, amene sadzapakira katundu pulojekiti ikatha.

Chovuta chimene sindikufuna kuchinyalanyaza ndi choti ndikachoka kukaonerera mnzanga, ana anga atsala ndi ndani, poti masukulu ambiri akumudzi mphunzitsi mmodzi ndi kalasi yake basi. Apa ndiye pofunika a hedi ndi a PEA agwirizane ziikidwe pa taimutebulo kuyambira kumayambiriro kwa teremu, osati kuba nthawi mobisa kapena kutiuza kuti muzikumana Loweruka, Loweruka ndi la kumunda, la maliro ndi la kuchapa. A makalasi ang'onoang'ono amaweruka msanga, ndiye pali mpata woti akaonerere a makalasi akuluakulu, ndipo tsiku limodzi pa mwezi anzako akhoza kukugwirira kalasi monga timachitira kale munthu akapita kukatenga salale kapena ku chipatala. Ma gulupu a WhatsApp a zoni tili nawo inde, koma tikudziwa zimene zimayenda mmenemo, uthenga wa maliro, mavesi a m'mawa ndi funso loti zalowa kodi. Kamodzikamodzi wina amaponya chithunzi cha sikimu kuti ena akopere. Foni ingathandize kupangana tsiku, koma kudikira kwa madamu aja sikungadutse pa foni.

Unduna unatulutsa ndondomeko ya CPD mu 2018, ndipo pano tili ndi Teachers Council of Malawi yolembetsa aphunzitsi ndi kupereka ziphaso, zonsezi ndi zabwino papepala. Nkhawa yanga ndi yoti CPD ikamadzawerengedwa pokweza munthu pantchito, adzawerenga chani? Akadzati bweretsani masatifiketi, ndiye kuti opambana ndi omwe aja mayina awo sachoka pa kalata, ndipo madamu a timitengo aja, amene akhala pa PT4, giredi yoyambira ntchito, mpaka imvi, adzatsalanso. Kuphunzitsa pamaso pa anzako, kulandira anzako m'kalasi mwako, kuthandiza mphunzitsi watsopano amene wangochoka ku TTC, koleji ya aphunzitsi, zimenezi ziwerengedwe, koma chiwerengedwe n'choti unachita nawo, osati magiredi a mmene unaphunzitsira.

Ife sitinadikire kalata. Tilipo asanu a masukulu atatu, timakumana tikapeza mpata, nthawi zina mwezi umadutsa osakumana, ya kabaza aliyense amadzilipirira ndipo mmodzi anasiya chifukwa chomwecho, sindimuda. Ulendo wina inali nthawi yanga yoonereredwa ndipo ndisaname, usiku wake sindinagone bwino, munthu wamkulu ndi zaka zanga zonsezi pantchito. Ndinakonzeka mwamphamvu, timitengo tanga tomanga bwino, phunziro linayenda, ana anayankha, ndinatuluka ndikudzimva. Titakhala pansi pa mango anzanga ena anayamikira, madamu aja anali chete akuyang'ana kapepala kawo, pomwe anajambulapo kalasi yanga ndi timizere pamalo pa mwana aliyense amene ndinamufunsa funso. Timizere tonse tinali kutsogolo mbali ya kumanja, kufupi ndi khomo kumene ndimakonda kuima. Kenako anati, "Achimwene, kamtsikana kaja kanakhala pakona kumbuyo, kovala juzi yofiira, kanapeza ansa anzake onse asanapeze koma sikanakweze mkono. Dzina lake ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, dzina osabwera. Teremu inali itafika kale pakati.